Mabokosi a pa Ngalande Amene Analibe Maina

Panali mayi wina, dzina lake Elube, amene ankasamalira makina a madzi pa sikimu ina ya mpunga kuchigwa. Tsekani kaye makompyuta anuwo, sathawa. Nkhaniyi ndi yanu inu amene mukuphunzira kulemba mapulogalamu, ndipo ndikufuna maso onse kuno.

Sikimuyo inali ndi ngalande imodzi yaikulu, yotalika makilomita khumi ndi anayi. Kumtunda kwake kunali pampu yoyendera dzuwa, imene inkatunga madzi mumtsinje n'kuwathira m'ngalandemo. Ofesi ya Elube inali pomwepo, pambali pa pampuyo. Motsatira ngalande munali mageti khumi ndi awiri, lililonse lothirira minda ya mabanja ake. Pa geti lililonse panali mzati wachitsulo, pamzatipo bokosi lotuwa, m'bokosimo kakompyuta kakang'ono. Mabokosi onse anali ofanana ngati mazira a nkhuku imodzi.

Mabokosiwa analibe bwana. Ankagwira ntchito monga gulu. Madzi akafika pa geti, bokosi la pamenepo linkatsegula. Minda ikakhuta, linkatseka n'kuuza anzake kuti madzi apitirire. Ankayamba kumtunda m'mawa n'kumatsika, ndipo geti lomaliza linkamwa dzuwa litapendeka. Panalinso lamulo limodzi limene alimi eni ake anaumirira, chifukwa chaka china ngalande inagumuka n'kukokolola nazale zawo. Lamulolo linali lakuti bokosi lililonse likangolira kuti madzi akusefukira pamalo pake, gulu lonse lizimitse pampu n'kugona mpaka mawa. Zikatero, ngakhale munthu aiyatse ndi dzanja, pampuyo inkakana.

Zaka zitatu zinthu zinayenda bwino kwabasi. Kale amuna ankatengerana makasu polimbirana madzi pa mageti, koma tsopano aliyense ankangodikira nthawi yake ali phee. Alendo ankabwera kuchokera kutali kudzaona makina amene amagawa madzi popanda wolamula, ndipo Elube ankawaonetsa monyadira. Anali nacho chifukwa chonyadira. Iye ndiye ankapukuta fumbi pa sola, kumanga mawaya, ndi kupaka girisi m'mageti, ndipo palibe chimene chinaonongeka m'manja mwake.

Koma tamvani mmene makinawa anapangidwira. Mapulogalamu ake analembedwa ndi amisiri atatu, ndipo aliyense analemba m'chinenero cha kompyuta chimene ankachikonda. Woyamba, wa ku Lilongwe, analemba pulogalamu ya m'mabokosi ndi ya pa pampu. Wachiwiri, wa ku Blantyre, analemba ya kompyuta ya muofesi. Wachitatu, wa ku Mzuzu, analemba yotumiza mauthenga pa foni ya Elube. Onse atatu anali akatswiri, musawapeputse. Kungoti anakumana kamodzi kokha, tsiku lotsegulira sikimu, ndipo chimene anachitira limodzi tsikulo ndi kujambulitsa basi.

Palibe mwa iwo amene anapatsa bokosi dzina. Woyamba anakonza kuti mabokosi azilandira manambala m'mawa uliwonse dzuwa likawadzutsa. Lodzuka poyamba linkakhala nambala ziro, lotsatira 1, n'kumapita choncho, pakuti chinenero chake chimayamba kuwerenga pa ziro. Wachiwiri anatenga mndandanda womwewo, koma chinenero chake chimayamba pa 1, ndiye kwa iye bokosi lililonse linkakwera ndi nambala imodzi. Wachitatu sanalabadire n'komwe za anzakewo. Iye ankawerenga motsatira mmene mauthenga afikira pa foni. Mwamva zimenezo? Bokosi limodzi, manambala atatu, ndipo mawa lake ena atatu, kutengera kumene mtambo waima m'mawawo.

Izi Elube sanauzidwe. Iye ankaganiza monga mmene munthu aliyense woyenda pansi angaganizire, kuti nambala 1 ndi geti loyamba kumtunda ndipo 12 ndi lomaliza. Zaka zitatu zonsezo panalibe chimene chinamufunsitsa.

Pa geti lomaliza ankalimapo mayi wina wachikulire, Abiti Mwamadi. Munda wake sunali waukulu, koma mpunga wake unali wa mtundu wakale, wonunkhira, umene anthu ena onse anausiya atalandira mbewu zocha msanga. Iye yekha ndiye anausunga, kuchokera kwa mayi ake. Chaka chimenecho anankafumbwe anamudyera mbewu yambiri m'thumba, ndipo yonse imene inatsala anaifesa. Kunyumba kunalibe ngakhale ya m'kapu. Munda umenewo ukanauma, mtunduwo ukanathera pomwepo.

Mpunga wa anzake a kumunsiko unali utakhwima kale, sunkafunanso madzi. Wa Abiti, pokhala wochedwa kucha, unali utangotupa kumene, ngala zili pafupi kutuluka. Inu ana a m'tauni, amene mpunga mumaudziwira m'mbale, dziwani kuti imeneyi ndi nthawi imene mpunga supirira ludzu. Ukakhala sabata imodzi wopanda madzi, ngala zimatuluka ndithu, koma zopanda kanthu m'kati.

Tsono Lolemba lina, dzuwa lili pamutu, bokosi lina linalira kuti madzi akusefukira. Gulu linamvera lamulo, pampu inazima. Minda ya kumtunda inali itamwa kale, koma kwa Abiti madzi sanafike. Elube anakwera njinga yake yamoto n'kutsata ngalande yonse, ndipo sanapeze pamene madzi anasefukira. Bokosi lina linali litanama. Atabwerera anapeza kuti pa pampu palembedwa nambala 4, muofesi nambala 5, pa foni nambala 9. Anakanda m'mutu, nasankha kukhulupirira ya muofesi, popeza ndi imene ankaiona tsiku ndi tsiku. Anali ndi bokosi limodzi lokha losinthira. Anapita pa geti lachisanu, nachotsa la pamenepo, naikapo losinthiralo. Ntchitoyo inamudyera masana onse.

Lachiwiri, dzuwa lili pamutu, pampu inazimanso. Ulendo uno manambala anali 7, 8 ndi 2. Elube anaganiza kuti bokosi lachiwiri ladwala. Anatenga limene anachotsa dzulo lija, popeza analiyesa n'kulipeza labwinobwino, nakaliika pa geti lachisanu ndi chitatu. Anabwerera atapsa ndi dzuwa, zala zitatupa ndi sipanala.

Lachitatu pampu inazimanso nthawi yomweyo. Muofesi munalembedwa 1, pa foni 11, ndipo pa pampu panalembedwa ziro. Ziro, abale! Mayi wa anthu apite ku geti liti? Anayesa kutsegula bokosi limodzi n'kulumikiza chingwe kuti alifunse nambala yake, koma bokosilo linazima n'kuyakanso, n'kulandira nambala ina yatsopano iye akuona. Apo mutu unaima. Anapempha komiti ya alimi kuti lamulo lozimitsa pampu lichotsedwe kwa tsiku limodzi lokha, koma a kumtunda anakana. Anati kwawo madzi akufika, ndipo sakufuna kuonanso ngalande itagumuka. Akazi ena anayesa kuthandiza Abiti ndi ndowa kuchokera pachitsime, koma ndowa sizithirira munda wa mpunga.

Iwe ukusekerera kumbuyoko, ndakuona. Ukuti akanangosintha mabokosi onse limodzilimodzi mpaka atapeza lonamalo. Chabwino, werenga. Kusintha limodzi n'kudikira masana a mawa lake kuti uone ngati walondola ndi tsiku lathunthu. Mabokosi anali khumi ndi awiri. Mpunga unali utatsala ndi masiku anayi.

Lachinayi m'mamawa Elube anapeza Abiti Mwamadi atakhala pakhonde la ofesi. Anali atakwezedwa pa njinga ya kabaza kuchokera kumapeto kwa ngalande. M'manja munali phata limodzi la mpunga, lozulidwa ndi dothi lake. Atalowa muofesi, Abiti analiika patebulo pambali pa kompyuta. Dothilo linali gwa, long'aluka, ndipo masamba anali atapotana.

"Mwanangu, sindinabwere kudzakalipa," anatero Abiti. "Ndangobwera kuti muone."

Elube anachita manyazi, kenako anapsa mtima. Sanapsere mtima mayiyo, ngakhalenso mabokosi. Anapsa mtima chifukwa makina onsewa ankadziwa kuti wonama ndani, anali atamuuza katatu konse, koma iye sankatha kumuloza ndi chala. Anatenga foni naimbira amisiri atatu aja pa ulendo umodzi, kuti amvane onse.

Aa, munthu akanamva! Atangofotokoza manambala a masiku atatuwo, aliyense anayamba kuteteza nyumba yake. Wa ku Lilongwe anati pulogalamu yake ilibe vuto, kuwerenga kwenikweni kwa kompyuta kumayambira pa ziro, ndipo amene sadziwa zimenezo abwerere ku sukulu. Wa ku Blantyre anati anthu amawerenga kuyambira pa 1, ndipo iye analembera anthu, osati mawaya. Wa ku Mzuzu anati mndandanda wake ndiye woona, chifukwa umatsata zimene zachitikadi tsikulo. Aliyense anali wokonzeka kuthetsa vutolo, bola anzake awiriwo asiye kawerengedwe kawo n'kutsata kake. Pamapeto pake wa ku Blantyre anadzipereka kulemba pulogalamu yachinayi yomasulira manambala a atatu onsewo, ndipo anati imutengera masabata awiri.

Chodabwitsa n'chakuti palibe amene ankanama. Aliyense anali wolondola m'chinenero chake. Elube anawasiya alankhule mpaka malovu atauma, maso ake ali pa phata la mpunga lija. Kenako analankhula, osakweza mawu.

"Azibambo inu, sindikufunsa kuti wolondola ndani. Manambala anuwo khalani nawo, muziwerengera zanu m'kati mwanumo. Ine lero ndikukapatsa bokosi lililonse dzina, ndilemba m'kati mwake ndi kunja komwe. Bokosi likamalankhula liziyamba ndi kutchula dzina lake. Inu atatu ntchito yanu ndi imodzi: dzinalo mulipereke kwa ine monga mwalilandirira. Musalisandutse nambala, musalidule, musalikonze."

Kenako wa ku Lilongwe anavomera, mochita ngati akukokedwa, kuti m'bokosi lililonse muli kale malo osungira mawu amene safufutika bokosi likagona, kungoti iye anawasiya opanda kanthu poona kuti nambala ikukwanira. Wa ku Blantyre anati zilembo wamba chinenero chake chimawerenga bwinobwino, ndipo ndi mzere umodzi wokha wosintha. Wa ku Mzuzu anadandaula kuti uthenga wa pa foni ndi waufupi, maina aatali sangakwane. Elube anamufunsa kuti zikwana zilembo zingati. Iye anati khumi. Elube anati dzina lililonse silidzapitirira zilembo khumi, ndipo sipadzakhala awiri ofanana. Anawauza kuti pofika mawa m'mawa akhale atamaliza, nadula foni.

Masabata awiri aja anasanduka mzere umodzi kwa aliyense. Muzikumbukira zimenezi tsiku limene mudzauze munthu kuti ntchito yake ndi yovuta.

Elube anatenga kompyuta yake ya m'manja, chingwe, chitini cha penti yofiira ndi burashi. Anakwera njinga yamoto, Abiti Mwamadi kumbuyo atafungatira chitinicho pamiyendo, nayamba ulendo wotsika ngalande.

Maina sanawapeke yekha. Akanatha kukhala muofesi n'kulemba zilembo zosamveka zimene inu mumakonda zija, zoti munthu akaziwerenga lilime limapindika. Iye ayi. Pa geti loyamba anaitana alimi amene anali m'munda nawafunsa kuti malo ano amawatchula chiyani akamauzana kokakumana. Iwo anati ndi Pamlatho. Analumikiza chingwe, nalemba dzinalo m'kati mwa bokosi. Kenako anaviika burashi nalilemba kunja, zilembo zikuluzikulu zoti munthu aziwerenga ali tsidya lina la ngalande. Anazimitsa bokosilo n'kuliyatsanso kuti aone ngati likumbukira. Litayaka, mawu ake oyamba anali akuti Pamlatho.

Mbiri inathamanga kuposa njinga. Pofika pa geti lachiwiri anapeza anthu akumudikira kale, dzina lili pakamwa. Lachiwiri linakhala Pamkuyu, lachitatu Pamango, lachinayi Pamsikiti. Pa geti lachisanu amuna awiri anatsala pang'ono kukangana, wina akufuna dzina la agogo ake, wina la timu yake ya mpira, mpaka akazi anawadula pakamwa n'kunena kuti malowo ndi Pamiyala kuyambira kale. Lachisanu ndi chimodzi linali Pachulu. Dzuwa litafika pamutu pampu inazimanso monga mwa masiku onse, ndipo foni inalira ndi nambala ina yachabechabe. Elube sanaiyang'ane n'komwe, anangopitiriza kulemba.

Pa geti lachikhumi anthu anati nawonso kwawo ndi Pamango. Elube anakana. Anati dzinalo latengedwa kale kumtunda. Iwo anaumirira kuti mango awo ndi aakulu komanso okoma kuposa a kumtundako, ndipo aliyense akudziwa zimenezo. Elube anati sakutsutsa za kukoma kwa mango, koma tsiku limene bokosi lidzalire kuti Pamango, iye sangakwere njinga ziwiri. Anthuwo anaseka, nagonja, nasankha Pachitsime. Anawerenga zilembo ndi zala, zinakwana khumi ndendende.

Dzuwa likupendeka anafika pa geti lomaliza. Munda wa Abiti unali utayamba kutuwa m'mphepete. Elube sanafune kuuyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa dzina, ndipo Abiti anati anthu amangoti Kumapeto. Elube analemba m'kati, kenako anapereka burashi kwa mayiyo kuti ayambe chilembo choyamba ndi dzanja lake. Abiti sanapiteko ku sukulu, koma Elube anamugwira dzanja nakoka naye mizere itatu ya chilembo cha K.

Lachisanu m'mawa amisiri atatu aja anatumiza mawu kuti amaliza. Dzuwa litadzutsa mabokosi, pa kompyuta ya muofesi panatuluka maina khumi ndi awiri, osati motsatana monga mwa ngalande ayi, koma lililonse lili ndi mwini wake. Elube sanapite kulikonse m'mawawo. Anakhala muofesi foni ili m'manja, nauza mlonda wa pa pampu kuti aime pamalo pake maso ali pa galasi loonetsa mauthenga a pampuyo. Alimi anadzaza pakhonde, ngakhale a kumtunda amene anakana aja. Kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo, anthu ankafunitsitsa kuti wonamayo aname.

Dzuwa linafika pamutu. Pampu inazima. Pa kompyuta panatuluka mawu ofiira akuti Pachulu. Foni inalira, ndipo inati Pachulu. Elube asanatsegule pakamwa, mlonda anafuula pazenera:

"Pachulu, mayi! Kuno palembedwa Pachulu!"

Zinenero zitatu, dzina limodzi! Ine pamenepa ndimamva kukoma ngati ndinalipo. Palibe amene anafunsa kuti Pachulu ndi kuti. Khonde lonse linanyamuka nthawi imodzi, ena pa njinga, ena wapansi, Elube patsogolo. Linali geti lachisanu ndi chimodzi, limene sabata imeneyo analidutsa kangapo konse osaliyang'ana kawiri.

Atafika anatsegula bokosilo, nalipeza lili bwinobwino. Mawaya onse anali m'malo mwake. Koma tsopano ankadziwa kuti vuto lili pano, osati kwina, choncho sanafulumire kuchoka. Bokosi limayeza madzi kudzera m'paipi yoimirira m'ngalande, ndipo pamwamba pa paipiyo pali kadiso koyang'ana pansi, koona kuti madzi akwera kufika pati. Elube anamasula kadisoko, nayatsa tochi ya pa foni, nasuzumira m'paipimo. Maso awiri anamuyang'ana.

Anali buluzi. Buluzi wonenepa bwino, atakakamira m'paipi pansi penipeni pa kadisoko. Dzuwa likatentha ankatsika pa chulu n'kulowa pa kampata ka m'mbali mwa paipiyo kudzabisala pozizira. Kadisoko kakaona msana wake pafupi chonchi, kankayesa kuti madzi afika pakamwa pa paipi, bokosi n'kulira. Elube anagogoda paipiyo ndi sipanala, buluzi anatuluka n'kuthawira ku chulu kwake, anthu n'kugwa nako kuseka. Ena anagwira m'mimba, ena anakhala pansi. Mkulu wina wa komiti anangopukusa mutu, nati sikimu yonse yagwidwa ndi kanthu kosakwana m'dzanja.

Taonani tsono. Ngakhale Elube akanachita mwayi n'kusintha bokosi la pamenepo Lolemba lija, buluziyo akanabwerabe mawa lake, ndipo iye akanachotsa geti limenelo pa mndandanda wa okayikiridwa. Mwayi sukanamuthandiza. Chinamuthandiza ndi kudziwa mosakayika kuti ndi pano, mpaka kulimba mtima kusuzumira m'paipi. Mayi wina anathamangira kunyumba nabwera ndi chidutswa cha neti yakale ya udzudzu. Elube anakulunga kampatako, namanga ndi mphira, ntchito yosakwana mphindi zisanu.

Koma pampu inali itagona kale, ndipo lamulo ndi lamulo. Madzi sakanayenda mpaka mawa. Loweruka linali tsiku lachisanu ndi chimodzi chimwereni munda wa Abiti.

Loweruka m'mawa pampu inayaka. Elube sanakhale muofesi. Anapita molunjika Kumapeto, nakhala pa mzere wa munda pambali pa Abiti Mwamadi, foni ili pakati pawo. Mauthenga ankabwera limodzilimodzi, ndipo Elube ankawerenga mokweza. Pamlatho pakhuta. Pamkuyu pakhuta. Pamango, Pamsikiti, Pamiyala. Abiti ankangogwedeza mutu, chifukwa malo onsewo ankawadziwa, ankawaona m'maso mwake madzi akutsika. Pachulu panakhuta. Dzuwa linakwera mpaka pamutu. Mtima wa Elube unali m'mwamba, pakuti akanakhala kuti walakwa, tsiku lina loyesera panalibe.

Dzuwa linadutsa pamutu, foni ili chete. Kenako inalira, ndipo linali geti lotsatira likunena kuti lakhuta. Abiti anapumira m'mwamba. Patapita nthawi Pachitsime panakhuta, kenako geti lotsatira. Ndipo dzuwa litapendeka anamva kaphokoso m'ngalande youma ija, masamba ouma akukankhidwa. Madzi anatulukira pa ngodya, akuda ndi zinyalala kutsogolo kwake, akuyenda mosafulumira. Bokosi la Kumapeto linalira kamodzi, geti linakwera lokha, madzi nalowa m'munda.

Dothi long'aluka lija linamwa mochita kumveka. Abiti anavula masilipasi, nakwinya chitenje, nalowa m'mundamo madzi akumufika m'akakolo. Anawerama nagwira phata limodzi, nalitsegula pang'ono ndi chala kuti aone m'kati. Ngala inali yamoyo, yobiriwira, yonyowa. Anaimirira naimba nthungululu imodzi yaitali, mayi wachikulire amene sabata yonse sanakweze mawu, ndipo akazi a m'minda yoyandikana anailandira mpaka inamveka Pachitsime. Elube anakhala pa mzere pomwepo, misozi ikutsika, akuseka.

"Watsala, mwanangu," anatero Abiti. "Mpunga wa mayi anga watsala."

Patatha masiku asanu ngala zinatuluka munda wonse, ndipo zinali zolemera.

Tsono inu. Mawa lino mudzamanga makina ogwira ntchito m'magulu, ena khumi, ena mazanamazana, ena m'chipinda chimodzi, ena obalalika dziko lonse. Mnzako adzalemba mbali yake m'chinenero chake, iwe m'chako, ndipo aliyense adzakhala wolondola m'nyumba mwake. Zimenezo sindikuletsani. Koma malo a pa mzere si dzina. Amene waima pachinayi lero, mawa adzaima pachisanu ndi chiwiri. Makina alionse akhale ndi dzina lawolawo, losafanana ndi la ena, losungidwa m'kati mwake, losasintha akazima n'kuyakanso, lolembedwa m'zilembo zimene chinenero chilichonse chiwerenga. Dzinalo liziyenda lathunthu kuchokera pa makinawo mpaka m'manja mwa munthu wogwira sipanala, ndipo akafika pamalopo alipeze litalembedwa pa chitsulo.

Choncho usanalembe mzere woyamba, dzuka pampando, pita kwa mnzako wa chinenero china uja, mugwirizane maina. Ndi ntchito ya theka la ola. Ukaizengereza, amene adzavutike si iwe. Kudzakhala munthu wina kutali, amene sadzakuonapo nkhope, atakhala pa mzere wa munda wake, akuwerenga masiku ndi zala.